Malikisi a Nangondo

Chibwerere lamulo lakuti munthu azilandidwa digiri bwana wake akampatsa malikisi osakwana asanu pa khumi, a Chadza anayamba kusesa pabwalo osatumidwa.

Bwana wawo anali Nangondo, mkazi wawo yemwe, mwini chigayo chomwe iwo ankagwirako ntchito. Kwa zaka khumi ndi ziwiri a Chadza ankamuuza Nangondo pamaso pa alendo kuti, "Inu a Sitandade 7 takhalani chete, pano pakuyankhula digiri." Nangondo sanaiwale.

Fomu yoperekera malikisiyo itafika pafoni, anaiwerenga mokweza, mosathamanga.

"Akuti, kodi wantchitoyu amamva akauzidwa? Bambo a Tiya, mumamva?"

"Ndimamva, mayi. Ndikuthirireninso tiyi?"

"Thirani. Akutinso, amatha kumanga lamba wa injini?"

A Chadza anayang'ana digiri yawo ili pakhoma m'galasi.

Mng'ono wake wa Nangondo, amene anabwera kudzaonerera, anamunong'oneza kuti awapatse awiri basi, athane nawo. Nangondo anapukusa mutu. Mwamuna wolandidwa digiri alibenso choopa, ndipo mbale sangatsukenso.

Anadina asanu enieni.

"Mwapulumuka, bambo. Fomu ina ikubwera mu Juni. Mbuzi zija zamwa madzi?"