Dzina la Anthu Anayi

Namwino ataitana dzinalo pawindo la mankhwala, anaimirira anthu awiri.

Mphunzitsi wa masamu anayamba waganiza kuti kutopa kwamupusitsa. Dzina la banja lawo silinali loimiritsa anthu awiri. Analifufuza kuyambira ali ku yunivesite: pa intaneti, m'manyuzipepala, ngakhale pazipupa za sukulu pomwe amamata zotsatira za mayeso. M'dziko lonse anapeza anthu anayi okha. Bambo ake, iyeyo, mwana wake wamkazi, ndi mkazi wake, yemwe ankati dzinalo anachita kupatsiridwa ngati chimfine.

Koma apa panali gogo wina wochepa thupi, wa ndodo ndi juzi yofiirira, akukhwekhwereza mapazi kulunjika pawindo pomwepo.

"Ndaitana mayiwa," anatero namwino. "Inu khalani pansi, mankhwala a bambo anu sanakonzeke."

Sanakhale pansi. Bambo ake anali mu wodi ya amuna, kumapeto kwa khonde lomwelo, ndipo dokotala anali atanena kale kuti ngati kuli abale, aitanidwe. Abale ake ati? Moyo wawo wonse mkuluyo ankayankha funsoli ndi nthabwala imodzi: "Ine ndinangomera ngati bowa." Mbiri yawo inali yaifupi ngati mchira wa mbuzi. Anabadwa pa tsiku loyamba la chaka, anakulira m'misewu, ntchito yawo yoyamba inali yotchetcha udzu kumanda a mumzinda, kenako anaphunzira ukalipentala. Kumaliro sankapondako. Ukawaitana ndi dzina ankachedwa kutembenuka, ngati foni ya netiweki yovuta.

Tsopano matenda atalowa m'mutu, anasiyiratu kuyankha. Namwino akatchula dzina lawo, iwo ankaika chala pakamwa. "Musamudzutse ameneyo," ankanong'ona. "Wagona."

Mphunzitsi anadikira gogo uja alandire mapilitsi ake, n'kumusendezera malo pabenchi.

"Pepani agogo. Dzina aitana lija ndi lanu?"

"Mukuona ngati ndabwereka kwa aneba?"

"Ayi, kungoti ndi losowa."

"N'losowa, inde. Anthu amathyoka nalo lilime." Gogoyo anamanga mapilitsi pakona ya mpango. "Anabwera nalo ndi malemu amuna anga. Anali ophika m'sitima ya pamadzi, ochokera kutali. Kwawoko nkhondo inapsereza mtundu wonse, anatsala okhaokha. Ankati dzina lonse likukwana mu nsapato zawo. Anamwalira ine ndili woyembekezera."

"Ndiye munabereka?"

"Mmodzi. Wamwamuna."

Mphunzitsi anasendera pafupi. "Anabadwa liti?"

"Mafunso ngati apolisi! Tsiku loyamba la chaka, mabelu akulira. Azamba anali ataledzera."

"Dzina lake?"

Gogoyo anatchula. Anatchulanso lachiwiri, lapakati lija, lomwe ngakhale mkazi wa mphunzitsi sankalikumbukira. Onse awiri anali maina a bambo ake.

Samu yake inali yosavuta, yoti mwana wa sitandade wani n'kukhoza. Mwamuna mmodzi anabwera ndi dzina. Anasiya mwana mmodzi. Tsiku lobadwa n'lomwelo, maina ndi omwewo. Mphunzitsi anayang'anitsitsa nkhope ya gogoyo kufunafuna bambo ake, ndipo monga zimachitikira aliyense wofunafuna, anawapeza. Makutu anali omwewo. Chibwano chinali cha mwana wake wamkazi. Bowa uja anali ndi mayi, ndipo mayiyo anali pabenchi, akununkhira sopo ndi mafuta opaka m'maondo.

Za momwe mwana anathera m'misewu mayi ake ali moyo, anati adzafunsa tsiku lina. Mwina anasochera pamsika, mwina anabedwa. Anali atamukhululukira kale gogoyo asanadziwe mlandu wake. Chofunika chinali kufika ku wodi mpweya usanathe, kuti mkulu uja amve dzina lake likutuluka pakamwa pa amene anamupatsa. Mwina apo akanayankha.

"Agogo, tiyeni ndikakuonetseni munthu."

"Ine basi ithawa."

"Ndikakusiyani ndekha mpaka pakhomo."

Anamugwira mkono. Unali wopepuka ngati bango. Anayenda pang'onopang'ono m'khondemo, kudutsa wokolopa, kudutsa bedi la mateyala lokutidwa nsalu mpaka kumutu. Ndodo inkagogoda pansi ngati munthu wofuna kutsekuliridwa. Mphunzitsi anali atayamba kale kukonza chiwerengero chake: osati anayi, asanu.

Pakhomo la wodi anaima. Bambo ake anali pabedi la pafupi ndi windo, maso ali kudenga, manja aukalipentala ali pachifuwa.

"Agogo," anatero mphunzitsi, "mwana wanu uyo."

Ndipo anaitana bambo ake ndi maina onse atatu, mokweza, mpaka odwala ena anadzutsa mitu.

Gogoyo anachotsa mkono wake pang'onopang'ono.

"Mwana wanga anamwalira ali ndi miyezi itatu," anatero. "Ali kumanda a mumzinda. Maina ndi tsiku lobadwa ndinalembetsa pamwala, ndipo panali kamnyamata kotchetcha udzu kamene kankapasamala kuposa ine."

Pabedi paja, bambo ake anaika chala pakamwa.