Botolo la Aisi wa Kuphiri

"Amake Chisha, bweretsani botolo lija!" anakuwa Ba Justine, anzawo a paloji ya alendo ya ku Nkwali atadzaza pakhonde.

Nasilele, mkazi wawo, anasuzumira m'botolo lopanda kanthulo. Pajatu azungu ena obwera palojipo anawatengera kwawo ku Ulaya bambowa, n'kuwapezera gaidi wowaperekeza tsiku lonse kukaona aisi wosatha wa pamwamba pa phiri. Chidutswa chomwe anaswako chinasungunukira m'botolomo. Ndiye dzulo, ndi kutentha kwa Okutobala, mayiwa anagugudiza madzi onsewo!

Anazembera kumjigo, n'kudzaza botolo, n'kudzapereka atagwada.

Ba Justine anamwako pang'ono, n'kutsinzina.

"Lawani, anyamata! Awa ndiye madzi, osati zamchere za pamjigo pathupa."

"Zoona, mdala," anatero Obrien, wophika wa paloji, akunyambita milomo. "Akununkhira Ulaya!"