Dzina Pamwamba pa Tanki

"Chimuka, usakakwere tanki ya kusukulu ija," ndinamuchenjeza mdzukulu wanga. "Makwerero ake anachita dzimbiri agogo ako aamuna akadaphunzira pomwepo."

Anaseka. "Ambuya, aliyense womaliza mayeso amalemba dzina pamwamba paja. Na ba Hedi a sukulu yathu analemba. Ine nisale bwanji?"

Sukulu sindinaipondepo ine, koma chitsulo chodyeka ndimachidziwa. Tsiku lomaliza mayeso ndinasiya nsomba zanga pamsika, n'kukaima pageti la sukulu.

Anakwera, anzake akuomba m'manja, mpaka anachepa ngati mbalame. Kenako chitsulo chinalira, thyo! Kuomba kuja kunaleka.

Anzake anadutsa naye pafupi nane atamugoneka pachitseko cha kalasi, mwendo utapindikira kumbali, choko chikadali m'manja.

"Ambuya," ananong'ona, "musawauze amayi."