Mzere Womaliza wa Malemu

Mayi wolemba mapulogalamu a kompyuta anaupeza mzere wolakwika m'pulogalamu ya ku ofesi kwawo tiyi wake asanazizire. Chifukwa cha mzerewo, seva, kompyuta yaikulu yosunga ntchito za kampani yonse, pamodzi ndi mbiri ya chilichonse chimene anthu anasinthapo, inkamasula malo ena m'memori koma n'kumawagwiritsabe ntchito. Wakuba wodziwa makompyuta akanalowera pomwepo n'kutenga zonse.

Atafufuza amene anaulemba, anapeza dzina la malemu mwamuna wake.

Mlamu wake, woyang'anira ofesiyo, anakoka mpando n'kukhala pafupi.

"Ndi wa achimwene?" anafunsa.

"Eya. Pa mizere yonse imene analemba, watsala wokhawu."

"Ndifufute ndine, alamu?"

"Ayi, ndisiyireni."

Mayiyo anauwerenganso kawiri, kenako anaufufuta n'kulemba wina. Kompyuta itamufunsa chifukwa chimene wasinthira, analemba kuti: Ndatseka chitseko chimene munasiya chotsegula.

Mlamuyo anawerenga n'kuseka chapansipansi, akupukuta m'maso.

"Ngakhale tili ana anali choncho," anatero. "Akatuluka, amayi ndi amene ankadzuka kukatseka."