Mbewu ya Alda

"Longedzani, achemwali, lole ya kumalire ku Mandimba siyembekeza munthu," anatero Pascoal. Anali atabwera kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi kudzatenga mlongo wake Alda.

Alda anapitiriza kutonola chimanga pakhonde la nyumba yake ku Sanjala, m'dziko la kwawo kumene nkhondo inali mkati.

"Taganizani," Pascoal anaumirira. "Chilandirireni ufulu, maiko akunja atipatsa chiyani ife? Poyamba mathirakitala opanda mafuta, kenaka mfuti. Amalawi anawamangira misewu ya phula, lero akuwatumizira ufa ndi mabulangete."

"Ufawo akutumiza chifukwa inu muli kumeneko, achimwene," anayankha Alda. "Ine sindipita kukatalikitsa mzere. Munda wanga ndisiyire yani? Ankhondowo abwere ndi mfuti zawozo, adzandipeza ndikulima."

Pascoal ananyamuka mokwiya. Atafika pamsewu anaima, n'kubwerera pang'onopang'ono, maso ali palichero la chimanga.

"Ndiye mundigawireko mbewu," anatero motsitsa mawu. "Ndapeza kadimba kuseri kwa msasa, koma ufa sudzalika."

Alda sanamunyoze. Anatenga thumba limene Pascoal anabweretsa kuti mlongo wake alongedzemo zovala, nalidzaza chimanga mpaka kukamwa.