Wina Anali Atakhalapo Kale

Mlamu wanga, mlembi wa pasukulu, anandiitana dzuwa litangolowa, poti ine ndimakonza makompyuta. Mayeso a mawa anali m'kompyuta ya muofesi, asanawasindikize, koma ikayaka inkangoonetsa mdima ndi kamuvi pakati.

"Alamu, ikapanda kudzuka imeneyi, ntchito yanga yatha."

"Musayambe kulira, maliro sindinalengeze," ndinatero.

Ndinalowera khomo lakuseri la kompyutayo, kumene timachita kulemba malamulo pamanja. Pulogalamu yoyala mawindo a pasikirini inkakana kuyamba, ati pamalo pake pali kale wina.

"Winanso ndani amagwira makinawa?" ndinafunsa.

"Ndine ndekha. Kiyi ndimayenda naye."

Ine sukulu ndinaithawa, koma ulemu ndinaphunzira. Ndinalemba lamulo lomutulutsa mlendoyo, pakamwa ndikuti, "Pepani akuluakulu, tigwireko ntchito."

Mawindo onse anabwera, mayeso ali bwinobwino. Mlamu anavina ndi nsapato imodzi, makina osindikizira n'kuyamba kulavula mapepala.

Pamenepo mpando wopanda munthu wa pakona unalira ngati wina wanyamukapo. Chitseko chinatseguka, n'kutsekekanso mwaulemu.

"Alamu, mwamuuza kuti apite kuti?"

"Sindinamufunse kwawo. Koma mukamaliza, mundiperekeze."