Sikopu ya a Maxwell

Panali munthu wina ku Sinda, dzina lake Maxwell, mlimi wa nshawa. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi mayi wina amene amapemphera naye mpingo umodzi.

Chaka chimenecho anakolola bwino, matumba anadzaza kachipinda ka kuseri kwa nyumba. Koma makoswe anawalowerera. Mkazi wake, Lucia, anakana zothira mankhwala poopa nkhuku ndi mwana wawo Yunesi, amene anali atangoyamba kukwawa. Choncho mlongo wake wa Lucia, Collins, anawabwereka mfuti yake ya mphepo, ija yothyola pakati n'kuikamo kachipolopolo kamodzi.

"Alamu, mfutiyi ili ndi tizitsulo tiwiri pamwamba," anatero Collins. "Mukalunjikitsa kakutsogolo pampata wa kakumbuyo, khoswe wagwa. M'chipinda chaching'ono simufunikanso china."

Maxwell anaphadi makoswe angapo. Koma tsiku lina ali kumsika ku Katete kukagula tizipolopolo, munthu wina wosamudziwa anamukodola.

"Bigimani, mukali kusewenzesa maso? Izo ni za bana. Onani sikopu iyi, orijino, ya maprofeshono. Muona na nsabwe pamutu pa khoswe."

Maxwell anasuzumira m'galasimo, naona mayi wogulitsa tomato kutsidya kwa msewu ngati ali pamphuno pake. Mtima unagwa pomwepo. Anagula.

Collins ataiona anapukusa mutu. "Alamu, ichi n'chowombera patali, kudambo. Pafupi mudzangoona chifunga. Komanso galasi lakhala pamwamba, mpope uli pansi, ndiye chinthu chikayandikira chipolopolo chimagwera m'munsi mwa pamene mwaloza. Choopsa kwambiri n'chakuti diso likalowa umo, zapambali simuziona. Ngati maso akuvuta, pali kagalasi kena kosakulitsa zinthu, kokhala ndi kadontho kofiira, koyang'ana maso onse ali otsegula. Koma ichi chotsani."

"Nsanje, alamu," anayankha Maxwell akuseka. "Mfuti yanu yomwe ndaikweza udindo, m'malo mothokoza mukundiphunzitsa?"

Anamangirira sikopu ija, ndipo kachitsulo kakumbuyo, poti kanali kutsekereza, anakamasula n'kukaponya padenga. Kuyambira pamenepo sanaphenso khoswe ndi mmodzi yemwe. Ankangoboola matumba. Lucia atamuuza kuti abwezeretse zakale, anamukalipira kuti za mfuti si za akazi.

Loweruka lina masana anamuitana. "Amake Yunesi, bwerani muzisuntha matumba, akatuluka ine ndiziwombera."

"Atate ake Yunesi, m'kati muno ndi mothina. Ndisunthe kaye ndituluke."

"Mukatuluka ndiye abisalanso. Gwirani thumbalo!"

Lucia anagwada nayamba kukoka thumba lapansi. Khoswe anatumphuka n'kukaima pamwamba pa mulu. Maxwell, diso lina atatsinzina, lina lili m'galasi, anangoona chinthu chotuwa chikugwedezeka. Sanaone kuti mkazi wake wadzutsa mutu m'munsi mwa khosweyo. Anawombera.

Khoswe anathawa. Lucia anagwa chagada atagwira kumaso, magazi akutuluka m'mipata ya zala.

Apa ndi pamene Maxwell anaonetsa mtima wake weniweni. Ali panjinga yamoto kupita kuchipatala, anamunong'oneza mkazi wake kuti, "Mukanene kuti mwalasidwa ndi waya. Mukatchula mfuti andimanga, mwanayu adya chiyani?"

Lucia, ululu uli m'mutu monse, ananenadi za waya. Achipatala anamutsuka, kumumanga bandeji n'kumuuza kuti abwerenso. Kunyumba diso linatupa, linayamba kutuluka mafinya, iye osagona. Pamene Collins anabwera kudzamuona n'kumukakamiza kunena zoona, nthawi inali itatha. Kuchipatala chachikulu anapeza kachipolopolo kali m'kati, ndipo adokotala anati akanadziwa tsiku loyamba lija mwina akanayesa kulipulumutsa. Disolo analichotsa.

Apolisi atafunsa, Maxwell analoza mlamu wake. "Mfuti ndi ya awa. Anandipatsa yokhota." Collins anavutika kupita kupolisi kangapo konse, kusiya ntchito kumunda, mpaka Lucia mwini wake anakafotokoza zonse. Wogulitsa sikopu uja apolisi anamufunafuna mumsika monse. Palibe amene ankamudziwa.

Lucia atatuluka m'chipatala sanabwerere ku Sinda. Anatenga mwana n'kupita kwa makolo ake ku Vubwi. Maxwell anamutsatira ndi ankhoswe, anagwada pabwalo, misozi ili mbwembwembwe.

"Amake Yunesi, inali ngozi. Sindinakuoneni."

Lucia anatembenuza mutu wonse kuti amuyang'ane ndi diso lotsalalo.

"Zoti simunandione m'chipinda muja ndinakhululuka kalekale. Koma panjinga paja munkandiona bwinobwino, magazi ali pamalaya anu, ndipo munasankha kudzipulumutsa nokha. Nyamukani, mukudetsa thalauza."

Analowa m'nyumba. Ankhoswe anatola zipewa zawo.

Phunziro: Chida chilichonse chili ndi malo ake, ndipo chachikulu ndi chonyezimira si ndiye choyenera. Galasi lowombera patali musalowe nalo m'nkhokwe kapena m'khola, ndipo musakoke mfuti, ngakhale ya mphepo, munthu ali kutsogolo kwanu. Mverani m'bale amene adzakhalepo zinthu zikavuta, osati wapamsika amene mawa simudzamupeza. Ndipo ngozi ikachitika, uzani adokotala zoona, bodza limamaliza zimene chipolopolo chasiya. Tumizirani ena uthengawu, makamaka amene ali ndi mfuti zotere pakhomo.